Chithunzi cha Mwezi Wozondoka

Kujambula zithunzi ndinaphunzirira ku Malawi, tili othawa nkhondo. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu kuno ku Chiuta, ine ndi kamera ya filimu yokulunga m'chitenje cha mayi, mng'ono wanga atakhala pa chitsulo cha njinga chifukwa miyendo yake inali isanalimbe kuyenda ulendo wautali. Iye anabadwira komweko kothawira. Pakati pa ine ndi iye pali zaka zambiri, moti ena amayesa kuti ndi mwana wanga woyamba.

Kwa zaka zambiri panalibe ukwati kapena ubatizo wochitika kuyambira kuno mpaka ku Amaramba popanda ine. Zithunzi za pa bilyete, chiphaso cha boma, ndinkajambula ndine. Asodzi achisilamu a kunyanja ankandiitana pa Idi, ndipo ankandipatsa nsomba zouma zoti ndimange pa kaliyala pobwerera. Kumpingo ndinali mmodzi wa akulu, ndipo popeza abusa athu amayang'anira mipingo ingapo, masabata ambiri Mawu ndinkawerenga ndine. Sindinali wolemera, koma ndinali ndi malo anga, ndipo ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha malowo.

Kenako kunabwera mafoni ojambula. Ndinagula kamera yatsopano yopanda filimu, koma ondiitana ankachepa chaka ndi chaka. Pa nthawi yomweyo mng'ono wanga anamaliza maphunziro ake ku Cuamba, ndipo boma linamutumiza kudzaphunzitsa pa sukulu ya kwathu konkuno. Kuno mphunzitsi timati pulofesolo. Mwana amene ndinkamupukuta mamina anasanduka apulofesolo, ngakhale m'kamwa mwa anthu okalamba kuposa bambo athu.

Chaka china atapita ku Nampula pa tchuthi anabwerako ndi chipaipi choyera, chotalika ngati mpini wa khasu, chokhala pa miyendo itatu. Anachigula kwa munthu wina amene ankasamuka. Iye ankati ndi telesikopiyo, choonera zakumwamba. Anthu a m'mudzi anachitcha mfuti ya apulofesolo.

Anayesa kujambula mwezi ndi foni yake, koma chotuluka chinali chibanga choyera ngati phala lotayikira pansi. Ndiye madzulo ena a mwezi wa Ogasiti anafika kwathu ine ndikumanga mbuzi.

"Achimwene, mundibwerekeko kamera yanu."

"Kamera yanga siyenda yokha. Imayenda ndi mwini wake."

"Ndiye mwini wakeyo abwere. Mlamu asadandaule, ndimubweza chakudya chisanazizire."

Tinapita pa bwalo la mpira la pa sukulu dzuwa litangolowa. Mwezi unali theka, uli pamwamba ndithu. Anandiuza kuti ndiyambe ndaona ndi diso langa ndisanajambule. Ndinawerama, n'kuika diso pa kagalasi ka kumapeto.

Kuyambira ubwana wanga ndimadziwa kuti Mulungu anapanga zounikira ziwiri, china cholamulira usana, china cholamulira usiku. Ndinaziwerenga pamaso pa anthu kambirimbiri. Koma sindinkadziwa kuti chaching'onocho anachiumba ndi mapiri ndi zigwa. Panali maenje ngati matope a padambo pamene ng'ombe zapondaponda kenako n'kuuma, ndipo dzenje lililonse linali ndi mthunzi wake. Malo amene sipanafike khasu, sipanafike nkhondo, koma Mwini wake anawasamalira chomwecho. Ndikanakhala ndekha ndikanagwada.

Ndinaweramuka n'kuona mng'ono wanga akumwetulira, akudikira kuti ndinene kanthu. Pomwepo chinthu china chinalowa mwa ine. Ndinadzifunsa kuti bwanji zimenezi zafika kwa ine kudzera m'manja mwa mwana uyu. Ine ndinali nditatumikira zaka zonsezi.

"N'zabwino," ndinatero. "Tabweretsa kuno tione ntchito."

Ntchitoyo inali yanga, ndipo ndikunena izi chifukwa ndi zoona. Ndinadula chubu chakale cha njinga n'kumangira kamera pa kagalasi kaja kuti isagwedere. Ndinazimitsa fulashi. Ndinachepetsa kuwala kolowa, chifukwa mwezi umawala kuposa mmene diso limaganizira. Ndinatchera kamera kuti izidina yokha pakapita kanthawi, dzanja langa litachokapo. Mwezi sudikira munthu, umatsetsereka n'kutuluka m'galasi ukuona, ndiye mng'ono wanga ankausaka, ine n'kumadina. Tinajambula zambiri. Chimodzi chokha chinatuluka chakuthwa, maenje onse akuoneka.

Ndinapita nacho ku vila ya Mecanhelas, tauni yathu, kukatsukitsa pa shopu imene ndimatsukitsa nthawi zonse. Pobwera tinakawaonetsa bambo. Bambo athu anali msodzi kale, tsopano maso awo achita nkhungu. Anachiyandikitsa kumaso mpaka mphuno kukhudza pepala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana uyu wanditsitsira mwezi ndisanafe," anatero.

"Ajambula ndi achimwene, bambo," anatero mng'ono wanga.

"Eya, mkulu wako amadina. Koma mfutiyo n'nja ndani?"

Akanakhala kuti mng'ono wanga anadzitama, mwina ndikanapepukidwa, chifukwa ndikanakhala ndi pomugwira. Koma ankanena zoona nthawi zonse, mofatsa, kamodzi, ndipo palibe amene ankamva. Abusa atabwera anakweza chithunzi chija pa guwa, n'kulalikira za ukulu wa Mlengi, n'kunena kuti ndi chithunzi cha apulofesolo athu. Ine ndinali nditakhala kutsogolo pa benchi ya akulu, ndikugwedeza mutu ngati ndikuvomereza. Asodzi a kunyanja aja, amene ana awo ndinawajambula kuyambira ali kumsana, anatumiza munthu kudzafunsa ngati apulofesolo angadzawathandize kusaka mwezi watsopano nthawi yosala ikadzafika. Munthuyo anadutsa pakhomo panga, n'kundipatsa moni, n'kundifunsa njira ya kwa mng'ono wanga.

Ndimaidziwa nkhani ya abale awiri amene anapereka nsembe, ya wina n'kulandiridwa, ya wina ayi. Ndimaidziwa ya mwana wamkulu amene anabwera kuchokera kumunda n'kukana kulowa m'nyumba ya phwando. Ndinaziphunzitsa kwa anthu a kalasi la ubatizo, ndipo nthawi zonse ndinkadabwa kuti munthu angapuse bwanji chotero. Chaka chimenecho ndinasiya kudabwa. Ndinkapemphera m'mawa kuti chinthu chija chichoke mwa ine, chinkachoka, koma ndikamva wina akuti apulofesolo chinkabwerera n'kupeza m'nyumba mosesa.

Mwezi wa Novembala utayamba, anthu atamaliza kugalauza minda, mng'ono wanga anandiitananso. Ankafuna chithunzi cha mwezi watsopano, wa masiku atatu. Kwathu kuno mwezi umenewu anthu amauyang'anitsitsa. Amati ukakhala ngati mbale yoyang'ana kumwamba ndiye kuti wasenza mvula, ukuyembekeza kuikhuthula pa nthawi yake. Ife a mpingo timati mvula ili m'manja mwa Mulungu, koma ngakhale akulu a mpingo amasuzumira kumadzulo akamachokera kumunda. Madzulo amenewo mwezi unakhala bwino, nyanga zake kumwamba, mbale yodzaza.

Koma galasi la chipangizo chija limazondotsa zinthu. Cha kumwamba chimaoneka pansi, cha pansi kumwamba. Wojambula aliyense amene anagwirapo makina akale amadziwa zimenezi. Pa chithunzi choyamba chija palibe amene anazindikira, chifukwa palibe amene amasunga m'mutu kuti theka la mwezi linayang'ana kuti. Koma mwezi watsopano aliyense amaudziwa kakhalidwe kake. Mu kamera yanga unatuluka utavundikira, ngati mbale yotsuka imene aiyanika pa thandala.

Ku vila, mayi wogwira ntchito pa shopu ija anauona pa kompyuta yake n'kuseka.

"Bambo, mwezi wanuwu wagona chafufumimba. Ndiutembenuze?"

Chinali chinthu chongodina kamodzi. Ndinayang'ana chithunzicho, n'kuona nkhope ya bambo anga atayandikitsa pepala kumphuno.

"Usiyeni momwemo," ndinatero.

Ine ndili ndi chizolowezi cha ntchito yanga chimene aliyense kuno amachidziwa. Chithunzi chilichonse ndimachisiyira mpata woyera m'munsi, ndipo pamenepo ndimalemba ndi dzanja malo ndi mwezi umene chinajambulidwa. Ndinatero. Ndinalemba m'munsi mwa mbale yovundikira ija, ndipo zolembazo zinamanga chithunzicho kuti wina asachitembenuze. Chimene ndinkafuna chinali chaching'ono. Ndinkafuna anthu aseke. Ndinkafuna wina anene kuti apulofesolo ndi sukulu yawo yonse sadziwa mmene mwezi umakhalira. Madzulo ake ndinamuuza mkazi wanga ndikuseka. Iye sanaseke, anangopitiriza kusenda chinangwa.

Mng'ono wanga atachiona anakondwa.

"Mwachita bwino kuchisiya mmene chimaonekera m'galasi. Ndiphunzitsira ana mmene kuwala kumayendera."

Anachikhoma pa khonde la nyumba yake, pafupi ndi njira yopita ku mjigo.

Novembala anatha mvula osagwa. Disembala analowa, dzuwa lokhalokha. Amene anabzala pouma mbewu zawo zinapserera m'nthaka. Choipitsitsa chinali chakuti madzulo ambiri tinkaona mitambo yakuda kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, mvula ikugwa ku Malawi ngati nsalu yolendewera, kuno kukubwera mphepo yokha ndi fungo lake.

Anthu sanaseke chithunzi chija monga ndinkafunira. Tsiku lina ndili kwa wokonza njinga ndinamva amuna awiri akucheza, mmodzi wogulitsa nsomba, wina mlimi wa kuseri kwa sukulu.

"Mwezi tonse tinauona uli chagada ndi mvula yake. Iye wauloza ndi mfuti ija, wauvundikira."

"Ndiye madzi akewo anapita kuti?"

"Simukuona kutsidyako? Si kumene anabadwira?"

"Aaa, inunso. Ndiye kuti Amalawi amulipira?"

"Sekani. Chimanga chanu chamera?"

Anandiona n'kusintha nkhani. Ndikanatha kunena mawu awiri pomwepo. Ndinalipira chigamba changa n'kukwera njinga.

Kunena munthu kuti wamanga mvula si nkhani yocheza nayo kuno. Ana ena anasiya kupita ku kalasi lake. Mkazi wake akafika pa mjigo amayi ankatunga mwakachetechete. Ndipo sabata ziwiri Khirisimasi isanafike, akhristu ena anabweretsa nkhaniyi kwa akulu a mpingo. Pa Khirisimasi timakhala ndi mgonero, ndipo amati sangadye pa gome limodzi ndi munthu wotero.

Tinakhala m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi titaweruka. Tinalipo akulu asanu, ndi mng'ono wanga ataima pafupi ndi chitseko. Wotsogolera anali mkulu wathu wachikulire, munthu wofatsa amene amamva khutu limodzi ndipo sachotsa chipewa koma popemphera. Anaika chithunzi chija pa tebulo.

"Mwana wanga, ife sitikhulupirira zomanga mvula. Mvula ndi ya Mulungu. Koma anthu akhumudwa, ndipo chithunzi nachi. Mwezi tinauona tonse. Unali choncho?"

"Sunali choncho, akulu."

"Ndiye wautembenuza ndani?"

Mng'ono wanga anayamba kufotokoza. Ndi mphunzitsi wabwino kwa ana, koma tsiku limenelo anali ndi mantha, ndipo akachita mantha Chipwitikizi chimangotuluka chokha m'kamwa mwake. Analankhula za magalasi ndi kuwala kopingasana, akujambula mizere m'malere ndi chala. Akulu ankangoyang'anana.

"Zimenezo ndi za kusukulu," anatero mkulu wina. "Tili ndi mwini ntchito pano. Inu mwajambula anthu zaka zonsezi. Munajambula ukwati wanga. Kodi makina amazondotsa chinthu?"

Onse anatembenukira kwa ine. Kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho, akulu anayi ankadikira mawu anga, mng'ono wanga ali chilili ngati mwana wa sukulu. Ndinamva kukoma kwake, sindingabise.

"Ine kamera yanga," ndinatero, "sinazondotsepo munthu."

Anagwirizana kuti chipangizocho chitsekeredwe m'chipinda momwemo, ndipo mng'ono wanga asayandikire gome kufikira abusa atamva nkhaniyi. Abusa ankayembekezeka Loweruka lokonzekera mgonero.

Tinatulukira khomo limodzi. Panjira anayenda pambali panga mpaka pa mphambano.

"Munanena zoona, achimwene," anatero. "Kamera yanu sinazondotsepo munthu."

Anakhotera kwawo.

Patapita masiku anayi mvula inagwa, yamphamvu, usana wonse. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti wanditulutsa popanda kutsegula pakamwa. Koma m'mawa mwake tikubzala, mayi wa munda woyandikana nafe anafuula kwa mkazi wanga kuti, "Mwaona? Angoitsekera mfuti ija, mvula yamasuka." Pofika madzulo mudzi wonse unkanena zomwezo. Mvula imene ndinkayesa kuti imupulumutsa ndiyo inamumanga. Panalibenso china chomuchotsa m'menemo koma pakamwa panga.

Ndiyenera kulemba mmene ndinalili masiku amenewo. Ndinkabzala ndi mtima wopepuka. Bambo anachotsa chithunzi choyamba chija pakhoma n'kuchiika pansi pa mphasa. Anthu ankandiimitsa panjira n'kumandiyamikira kuti sindinakondere m'bale wanga, kuti ndinaika choonadi patsogolo pa magazi. Ndinkayankha modzichepetsa. Koma ndikamuona mng'ono wanga akupita ku sukulu, malaya osita, akupereka moni kwa anthu amene sankamuyankha, ndinkachitanso nsanje. Ngakhale kunyozedwa ankakusenza bwino kuposa mmene ine ndikanachitira.

Lamulungu lotsatira kunali kuwerenga kwanga. Tinkatsata nkhani za makolo akale, ndipo tinafika pa abale aja amene anagulitsa mng'ono wawo chifukwa cha malaya amene atate awo anamusokera. Ndinaiwerenga nkhaniyi kambiri m'moyo wanga. Koma tsiku limenelo, ndikuwerenga mokweza, ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo. Abale aja sanawauze atate awo kuti mwana wajiwa ndi chilombo. Anangoviika malaya m'magazi a mbuzi, n'kuwatumiza, n'kufunsa ngati ali a mwana wawo. Bodzalo analinena ndi nkhalamba yokha, ndi pakamwa pake, iwo ali chete. Mawu anandithera pakati pa ndime. Ndinatsokomola, wina anandipatsa madzi, kenako ndinamaliza. Mng'ono wanga anali pa benchi ya kumbuyo, maso ali pa buku lake.

Kunyumba mkazi wanga anadikira ana atuluke.

"Bambo, Lamulungu likubwerali mudya mgonero?"

"Ndilekerenji?"

"Munandiuza nokha. Munkaseka. Ine ndinkasenda chinangwa."

"Sindinaname pa bwalo paja."

"Sindinati munanama. Ndafunsa ngati mudya."

"Ukufuna ndikadzivule pamaso pa mpingo wonse chifukwa cha kapepala?"

"Mkazi wa mng'ono wanu akutunga madzi yekha ngati wakhate. Ine ndikamuona ndimayang'ana kumbali, chifukwa ndikudziwa. Mwandisenzetsa ndi ine. Ngati inu mudya, ine sindidya."

Sabata imeneyo ndinapemphera kwambiri, koma mapemphero ake anali okambirana malonda. Ndinkamuuza Mulungu kuti ndidzamuthandiza mng'ono wanga mwanjira ina, kuti ndidzalankhula ndi abusa patokha, kuti nkhani zotere zimazirala zokha. Yankho silinasinthe. Munthu akabweretsa mphatso ku guwa n'kukumbukira m'bale wake, amadziwa chimene ayenera kuyamba.

Loweruka abusa anafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anthu anadzaza pabwalo la tchalitchi, ena amene sabwera n'komwe, pofuna kumva mlandu. Abusa asanakhale pansi ndinapempha kiyi wa chipinda chija. Ndinatulutsa chipangizocho masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuchiimika pa miyendo yake. Amayi ena anasuntha ndi ana awo. Ndinapempha mkulu wathu wachikulire kuti akaime patali, pansi pa mtengo umene timapachikapo chitsulo choimbira belu.

"Mukufuna kundiwombera?" anafunsa.

"Mungoima, akulu. Musachotse chipewa."

Ndinachilozetsa kwa iye, n'kukonza galasi mpaka anaoneka bwino, kenako ndinaitana mkulu uja amene anandifunsa za makina. Anawerama monyinyirika. Anakhala kanthawi, n'kuweramuka, n'kuyang'ana ku mtengo, n'kuweramanso.

"Akulu aima ndi mutu," anatero. "Koma chipewa sichikugwa."

"Akuti chiyani?" anafunsa wachikulire uja ali kutali.

"Akuti mwazondoka!"

"Ine? Ndili bwinobwino ine. Chizungulire sindikumva."

Anthu anayamba kuseka. Anapanga mzere, amuna, amayi, ndi wogulitsa nsomba uja. Aliyense ankawerama, n'kuyang'ana ku mtengo, n'kugwira pakamwa. Mayi wina anakana kukaima kutsogolo kwake, akuti chitenje chingamuvule. Abusa anaona komaliza, n'kupukuta misozi ya kuseka.

Ndikanatha kulekera pomwepo. Anthu ankandiyang'ana ngati munthu wanzeru amene wapulumutsa m'bale wake, ndipo mtima wanga unatambasula manja kuti ulandire. Koma abusa athu si munthu wopupuluma. Anadikira phokoso lithe, n'kutembenukira kwa ine.

"Akulu, mwatithandiza. Izi mwazidziwa liti?"

"Kuyambira ndili mnyamata, abusa."

"Ndiye tsiku la bwalo lija munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

Ndinanena zonse. Za mayi wa ku shopu amene anafuna kuchitembenuza ine n'kumuletsa. Za zolemba zanga m'munsi. Za kwa wokonza njinga. Abusa anafunsa chifukwa chake, ndipo ndinafunafuna mawu aulemu osawapeza.

"Nsanje, abusa. Bambo anati wawatsitsira mwezi."

Kenako wina kumbuyo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wamva chinthu chochepa kwambiri kuposa chimene ankayembekeza. Kumeneko kunandipweteka kuposa kudzudzulidwa.

Mng'ono wanga sanandiyang'ane. Abusa atamufunsa ngati ali ndi mawu, anati, "Ndi achimwene anga. Anandinyamula pa njinga kuchokera ku Malawi. Ndilibe nawo mlandu." Anapinda miyendo ya chipangizo chake, n'kuchiika paphewa.

Akulu anakhalanso, ine ndili panja. Anamubwezera mng'ono wanga ku gome. Ine anandiuza kuti ndikhale kaye pambali pa mgonero umenewo, ndipo kuwerenga Mawu anapatsa wina kufikira Pasaka. Sindinatsutse. Si onse m'mudzi amene anasintha maganizo. Mlimi wa kuseri kwa sukulu uja mpaka lero amati chinthu chozondotsa mkulu wa mpingo sichingalephere kuzondotsa mwezi. Koma ana anabwerera ku kalasi, ndipo mlamu wanga anapezanso ocheza nawo pa mjigo.

Lamulungu la mgonero ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala odulidwa ndi ochedwa. Sindinakhalepo pamenepo chibwerere ku Malawi. Kuchokera pamenepo tchalitchi chimaoneka chachitali, ndipo mawu a abusa amafika atasakanikirana ndi kulira kwa makanda. Mkazi wanga anapita kutsogolo ndi amayi anzake. Mng'ono wanga anawagwira dzanja bambo n'kuwakhazika pambali pake, ndipo chikho chitafika anawathandiza kuchigwira kuti chisatayike.

Kutsogolo kwanga kunali amayi awiri achikulire, akunong'onezana.

"Mwana uja ali ndi mtima wabwino. Kukhululuka pomwepo, osadandaula."

"Ndi wa Mulungu ameneyo. Si onse obadwa mimba imodzi amafanana."

Ndinamva chinthu chija chikudzukanso m'chifuwa, chamoyo ngati kale, tsiku lomwelo la mgonero, ndili pa benchi ya olapa. Ndinali nditaulula, ndinali nditalandira chilango changa, ndipo ndinkamuchitira nsanje chifukwa cha kukhululuka kwake. Ndinaweramitsa mutu pa benchi ya kutsogolo n'kunena kuti, Ambuye, mukuchiona, ine chandikanika. Sindinamve yankho. Nyimbo yotsekera itayamba ndinaimirira pamodzi ndi anthu onse, n'kuimba.